Ati vitamini E adachiritsa mbewa zokhumudwa: ndiwagulire bambo akunyumba?

Funso: Ndine mayi wa ku Chibavi. Bambo akunyumba, a zaka 54, chiwathereni ntchito chaka chatha sali bwino. Amangokhala duu pakhonde, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, usiku amadzuka cha m'ma 3 koloko osagonanso. Kutchalitchi adasiya, ngakhale mpira womwe ankaukonda pa wailesi alibe nawonso ntchito. Mng'ono wanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti asayansi apeza kuti vitamini E amachiritsa matenda a maganizo, ati adayesera pa mbewa. Kuno kuli mayi wina akugulitsa makapisozi ake, pabotolo adalembapo 400 IU. Bambowa amamwa mankhwala a BP komanso kaasipirini kakang'ono tsiku lililonse. Ndigule?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mutu wa nkhani kuti bandulo ikakutherani panjira mukhale mutamva chofunika: botololo musagule. Kwa bambo wa msinkhu umenewo, wa BP, amene akumwa kale asipirini, makapisozi a 400 IU (IU ndi muyezo wa mavitamini) angathe kubweretsa vuto lina pamwamba pa lomwe lilipoli. Ndipo zomwe mwalongosolazo n'zoti akaonedwe kuchipatala mlungu uno, osati mwezi wamawa.

Komabe mng'ono wanuyo musamuseke, uthengawo si bodza lamkunkhuniza ayi. Kafukufuku wa mbewayo alipodi. Mu 2010 gulu la asayansi a pa yunivesite ya ku Florianópolis, m'dziko la Brazil, lidalemba kuti mbewa zomwe lidazimwetsa alpha-tocopherol, womwe ndi mtundu waukulu wa vitamini E, zidachita ngati mbewa zomwe zamwa mankhwala a matenda a kukhumudwa. Mu 2013 a pa yunivesite yomweyo adabwereza, ulendo uno pa mbewa zomwe adazibaya kaye kanthu kotchedwa TNF-alpha, komwe thupi limatulutsa pakakhala kutupa. Mu 2018 ena a ku China adayesa pa mbewa zomwe adazisautsa dala kwa milungu ingapo, nawonso adaona kusintha. Zonsezi zidalembedwa m'magazini enieni a zasayansi. Vuto lili pa mtunda womwe uthenga wa pa WhatsApp udadumpha, kuchoka pa mawu akuti "mbewa idaphupha masekondi angapo kuposa inzake" kufika pa akuti "amachiritsa matenda a maganizo". Mtunda umenewo ndi wautali kuposa wa Mzuzu ndi Nsanje.

Kuti mumvetse, tiyeni tilowe m'chipinda momwe mbewazo zimakhala. Si mbewa zathu zakumunda zija anyamata amagulitsa zitapanidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1. Izi ndi timbewa toweta, tolemera magalamu 25 kapena 30, tobadwira m'timabokosi tapulasitiki, tosadziwa una kapena mvula. Funso loyamba lomwe munthu aliyense wanzeru amafunsa ndi lakuti: mbewa yokhumudwa umaidziwa bwanji, poti siyankhula?

Njira imodzi adaikonza ndi Paul Willner wa ku Britain mu 1987. Kanyamako sakamenya, amangokasowetsa mtendere pang'onopang'ono, m'njira yoti sikangadziwe kuti mawa kugwa chiyani. Lero apendeketsa bokosi lake. Mawa anyowetsa utuchi womwe kamagonapo. Mkuja asiya getsi likuyaka usiku wonse, tsiku lina akamana chakudya, linalo akaikira mnzake wachilendo m'bokosi. Pakatha milungu ingapo amaika mabotolo awiri, lina la madzi wamba, lina la madzi a shuga. Mbewa yabwinobwino imakakamira la shuga. Yosautsidwa ija imayamba kumwa paliponse, ngati kutsekemera kulibenso tanthauzo. Pa mayeso onse a mbewa, amenewa ndi omwe ine ndimawalemekezako, chifukwa akufananako ndi zomwe mwanena za mpira wa pa wailesi: chinthu chomwe munthu ankachikonda chasanduka madzi wamba.

Koma mayeso omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi ena awiri, achidule. Oyamba adayambitsa ndi Roger Porsolt ku France mu 1977: amaponya mbewa m'chibotolo cha madzi momwe singaponde pansi kapena kukwera n'kutuluka. Achiwiri adabwera mu 1985, opachika mbewa ndi mchira. Amenewa ndidawaonapo ndi maso anga ndili pasukulu kunja, ndipo sindidzaiwala. Mtsikana wina wophunzira adatenga kambewa koyera, n'kumata nsonga ya mchira wake ndi selotepi pa kachitsulo, mutu uli pansi. Kambewako kadayamba kuphupha, kupinda msana, kuyesa kugwira mchira wake ndi timanja. Patapita mphindi imodzi kapena ziwiri kadangoti lende, ngati sokosi pachingwe. Mtsikanayo adadina wotchi. Kakayambanso kuphupha ankaimitsa wotchiyo, kakati lende ankadinanso. Mphindi 6 zitakwana adakamasula, n'kulemba nambala imodzi m'kope: masekondi omwe kambewako kadakhala osagwedezeka. Basi. Mukamva kuti mankhwala akuti-akuti "achotsa kukhumudwa pa mbewa", nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti nambala ya m'kope ija idatsikako.

Poyamba ankati mbewa ikasiya kuphupha ndiye kuti yataya mtima. Asayansi ambiri masiku ano sagwirizana nazo. Funsani msodzi aliyense wa ku Nkhata Bay kuti bwato likagubuduzika ndi mwera pakati pa nyanja, amapulumuka ndani: wophupha ndi manja ndi miyendo mpaka mphamvu kutha, kapena wogwira bwato n'kumangoyandama, kudikira? Mbewa yoti lende ija mwina sidataye mtima, yangozindikira msanga kuti kuphupha n'kutaya mphamvu pachabe. Ndiponso chilichonse chogalamutsa thupi chimatsitsa nambala ija. Caffeine wa mu khofi amaitsitsa, koma palibe dokotala amene amalembera wodwala maganizo makapu a khofi wa ku Misuku. Mu 2024 boma la Britain lidalengeza kuti lisiya kupereka zilolezo zogwiritsa ntchito mayeso oponya m'madzi aja ngati chifaniziro cha matenda a kukhumudwa.

Sindikuti mayesowa ndi achabechabe. Ntchito yawo ili ngati ya sefa. Mankhwala enieni monga fluoxetine ndi amitriptyline amatsitsadi nambala ija, choncho wofufuza akakhala ndi zinthu 100 zoti ayese, sefayo imamuuza zoti apitirize nazo. Kungoti zambiri zomwe zimadutsa pa sefa ya mbewa zimakagwa zikafika pa anthu. Palinso china chodabwitsa: pa mbewa mankhwala amaonetsa mphamvu patangotha ola limodzi, pomwe pa munthu fluoxetine yemweyo amatenga milungu asanayambe kumveka. Izi zokha zikutiuza kuti chomwe wotchi ija ikuyeza si chimodzimodzi ndi chomwe chikuwadzutsa bambo 3 koloko usiku.

Nanga asayansiwo adaganiziranji za vitamini E poyamba pomwe? Ganizo lawo silopusa. Vitaminiyu adamutulukira mu 1922 Herbert Evans ndi Katharine Bishop ku California, ataona kuti makoswe odyetsedwa chakudya china ankatenga bere koma ana n'kufera m'mimba, mpaka atawawonjezera letesi kapena mitima ya tirigu. Dzina loti tocopherol lidachokera ku mawu a Chigiriki onena za kubereka mwana. (N'chifukwa chake mpaka lero ogulitsa ena amamutcha vitamini wa mphamvu za abambo, ngakhale kuti pa anthu zimenezo zilibe umboni. Nkhani ya makoswe kusanduka malonda sidayambe lero.) Ntchito yake yeniyeni m'thupi ndi kuteteza mafuta kuti asawonongeke. Mukudziwa momwe nsinjiro zimachitira zikakhalitsa m'chigubu: fungo limasintha, zimayamba kuwawa pakhosi. Ndi mpweya wa okosijeni umene wadya mafuta a m'nsinjiromo, monga momwe dzimbiri limadyera lata. Thupi lathu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khungu la selo iliyonse ndi lamafuta, ndipo vitamini E amakhala m'khungumo ngati mlonda, kuzimitsa moto umenewo usanafalikire.

Tsono ubongo ndi chiwalo chamafuta kwambiri, komanso ngakhale umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa 100 a thupi lonse, umagwiritsa ntchito magawo 20 pa 100 a okosijeni yemwe timapuma tikakhala phee. Mafuta ambiri, okosijeni wambiri: malo abwino a dzimbiri. Nyama ikasautsidwa nthawi yaitali, zizindikiro za dzimbiri limeneli ndi za kutupa zimakwera mu ubongo wake, ndipo zofanana nazo zimapezeka m'magazi a anthu ena odwala kukhumudwa. A ku China aja adawonjezapo mfundo ina, yakuti vitaminiyu amadzutsa ntchito yomwe selo imagwira yosesa ndi kugaya zinyalala za m'kati mwake, yotchedwa autophagy, yomwe idapezetsa Yoshinori Ohsumi wa ku Japan mphotho ya Nobel mu 2016. Zonsezi n'zosangalatsa kuziwerenga, ndipo ine ndimazitsatira ndi chidwi. Koma kufotokoza bwino momwe chinthu chingagwirire ntchito n'kosiyana ndi kuonetsa kuti chagwiradi.

Pali nkhani ya mlingo. M'kafukufuku wotere mbewa zina zinkalandira mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Thupi la mbewa limatentha zinthu mofulumira kuposa lathu, choncho posinthira kwa munthu timagawa ndi 12. Zikatero munthu wa makilogalamu 60 akuyenera kumwa pafupifupi mamiligalamu 500 patsiku. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 okha patsiku. Ndiye kuti mbewazo sizinkadya vitamini ngati chakudya, zinkamwa ngati mankhwala amphamvu, kuposa kuwirikiza ka 30 zomwe thupi limafuna, kwa masiku owerengeka, kenako n'kuphedwa kuti aone ubongo wake. Palibe mbewa yomwe idamwa zaka zisanu kuti tione zomwe zidaichitikira.

Pa anthu chomwe chapezeka n'chochepa. Mu 2000 ku Belgium, komanso mu 2005 ku Australia, adayeza magazi a odwala kukhumudwa n'kupeza kuti vitamini E wawo ndi wotsikirapo poyerekeza ndi anthu ena. Koma chidayamba n'chiyani? Munthu amene akutema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, ndiwo osazikhudza, mavitamini ake ambiri atsika basi. Mwinanso nthendayo ndiyo ikumutha vitaminiyo m'thupi. Phulusa limapezeka pomwe padayaka moto, koma kuwola phulusa sikuzimitsa moto. Njira yokhayo yodziwira ndi kugawa odwala m'magulu awiri mwamaere, ena kuwapatsa vitamini, ena kapisozi wopanda kanthu, wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa kuti ndani walandira chiyani. Kafukufuku wotere pa vitamini E ndi maganizo wachitika wochepa, pa anthu ochepa, ndipo nthawi zambiri vitaminiyo ankaphatikizidwa ndi mafuta a nsomba, moti sungadziwe kuti wagwira ntchito ndani. Omwe adasonkhanitsa zotsatira zonsezi pamodzi mu 2022 sadapeze yankho lomveka. Palibe ndondomeko ya zachipatala, ya bungwe la WHO kapena ya Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu, yomwe imaika vitamini E pa mndandanda wa mankhwala a matenda a kukhumudwa.

Mwina mukuti, "Chabwino, koma ndi vitamini chabe, ngakhale asathandize sangapweteke." Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa mbali iyi ndiyo idafufuzidwa pa anthu ambirimbiri, ndipo mlingo womwe adayesa ndi womwewo walembedwa pabotolo la mayi uja.

M'zaka za m'ma 1990 madokotala ambiri ankakhulupirira kuti vitamini E ateteza anthu ku matenda a mtima ndi khansa, pa zifukwa zonga zomwe ndafotokoza za dzimbiri zija, ndipo pa nyama zinkaoneka choncho. Ndiye adayesa pa anthu. Kafukufuku wotchedwa SELECT adatenga abambo oposa 35,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo, ku America, Canada ndi Puerto Rico, ena n'kumawapatsa 400 IU tsiku lililonse, poyembekezera kuti khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo, ichepa. Zotsatira za mu 2011 zidaonetsa kuti khansayo idachuluka ndi 17 pa 100 mwa omwe ankamwa vitaminiyo. Wina wotchedwa HOPE-TOO, wa anthu odwala mtima kapena shuga, adapeza mu 2005 kuti 400 IU yemweyo sadateteze aliyense, m'malo mwake omwe mtima wawo udafooka adachulukirako. Mu 2010 ofufuza ataphatikiza makafukufuku angapo adapeza kuti sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha idatsika ndi 10 pa 100, koma sitiroko ya kuphulika kwa mtsempha mu ubongo, yomwe imapha kwambiri, idakwera ndi 22 pa 100.

Chifukwa chake n'chodziwika. Vitamini E wochuluka amachedwetsa magazi kuundana. Asipirini yemwe bambo akumwa amagwiranso ntchito yomweyo, ndipo adawapatsa dala pa mlingo woyezedwa. BP nayo imakankha makoma a mitsempha usana ndi usiku. Mukaika zitatuzi pamodzi mwa munthu mmodzi, mwawonjezera mpata woti mtsempha ukang'ambika magazi asaleke msanga. Kwa omwe amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye nkhani yake ndi yoopsa kuposa apa. Komanso vitaminiyu sali ngati vitamini C amene wotsala amatuluka ndi mkodzo. Uyu ndi wa m'mafuta, thupi limamusunga. Kapisozi mmodzi wa 400 IU ali ndi mamiligalamu 180 ngati ndi wopangidwa kufakitale, kapena 268 ngati adachokera ku zomera, kutanthauza chakudya cha masiku 12 mpaka 18 pa kumeza kamodzi. Mwamuna, zaka 54, BP, asipirini: mukaona bwino, bambo akunyumba ali m'gulu lenilenilo lomwe makafukufukuwa akutichenjeza.

Sindikumunena mayi wogulitsayo, naye akusaka ya ndiwo, ndipo mwina amakhulupiriradi zomwe adamuuza omwe adamupatsa katunduyo. Koma botolo loyenda m'chikwama, losadziwika kuti lidalowa bwanji m'dziko muno komanso ngati a PMRA, bungwe loona za mankhwala, akulidziwa, simungatsimikize ngakhale zomwe zili m'kati mwake.

Ngati nkhawa yanu ndi yakuti bambo akusowa vitamini E, mtima ukhale m'malo. Kusowa kwenikweni kwa vitaminiyu sikuchitikachitika. Kumapezeka mwa ana obadwa masiku asanakwane ndi mwa anthu omwe matumbo kapena chiwindi chawo chimalephera kugaya mafuta, ndipo zizindikiro zake ndi dzanzi, kudzandira ndi kufooka kwa minofu. Vitamini E yemwe thupi limafuna ali kale pamsika wa Zigwagwa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa ili ndi mamiligalamu oposa 5. Mtedza wodzadza dzanja uli ndi 2 kapena kuposerapo, masupuni awiri a chiponde pafupifupi 3. Mapeyala, omwe kuno nyengo yake ikafika amachita kuwolera pansi, ali naye. Masamba obiriwira ali naye, mawese a ku Karonga ali naye wambiri. Nkhwani wotendera ndi chakudya chanzeru kwabasi pa nkhani iyi, chifukwa vitaminiyu amalowa bwino m'thupi akadyedwa ndi mafuta, ndipo nsinjiro zimabweretsa zonse ziwiri. Mgaiwa umaposa ufa woyera popeza mtima wa chimanga, momwe muli mafuta, umapita ndi madeya pokonola. Mafuta a pachiwaya omwe akazingira tchipisi kuyambira Lolemba, vitamini wake adapsa kalekale. Mtedzawo muzisankha, wachuku ndi wonyala muzitaya, chifukwa chuku chimawononga chiwindi. Kuchokera m'chakudya simungapyole mlingo. Koma ndinene mosabisa: ngakhale mutatendera ndiwo katatu patsiku, nthenda ya bamboyi sichoka ndi nsinjiro.

Tsopano tisiye mbewa, tikambe za munthu. Mwatchula zinthu zinayi: kukhala duu, kusadya, kudzuka mbandakucha osagonanso, ndi kutaya chidwi pa zomwe ankakonda. Zikapitirira milungu iwiri, tsiku ndi tsiku, timayamba kuganizira matenda omwe madokotala amati depression, ndipo inu mukunena za miyezi. Sindingawayeze kudzera m'kalata, koma chithunzi chomwe mwajambulachi n'chodziwika bwino kwa aliyense wogwira ntchito imeneyi. Si ulesi, si kufooka m'chikhulupiriro, ndipo mawu oti "limbani mtima ngati mwamuna" amangowonjezera manyazi pamwamba pa ululu. Kutha kwa ntchito kumamulanda bambo zambiri nthawi imodzi: ndalama, pokhalira masana, anzake, ndi ulemu womwe ankaumva polowa pakhomo atanyamula kajumbo ka ndiwo.

Mwayi womwe tili nawo ku Mzuzu, womwe maboma ambiri alibe, ndi wakuti thandizo lili pafupi. A St John of God ali mumzinda momwe muno ndipo ntchito yawo yaikulu ndi ya umoyo wa maganizo. Ali ndi anamwino ndi madokotala a zimenezi komanso alangizi okamba ndi munthu payekha. Ku Mzuzu Central Hospital nakonso angathandizidwe, kapena mungayambire kuchipatala chaching'ono chomwe amakatengako mankhwala a BP, iwo akakulozerani koyenera. Anthu ambiri amaopa kuti akangoponda kumeneko atchedwa amisala. Ochuluka mwa omwe amapitako amakambirana ndi dokotala, kulandira thandizo, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Kumeneko akawafunsa mafunso, kawirikawiri 9 a pa fomu yotchedwa PHQ-9 yomwe ilipo m'Chichewa, okhudza tulo, chakudya, mphamvu ndi maganizo. Dokotala wabwino amayang'ananso thupi, poti kuchepa kwa magazi, shuga, vuto la chithokomiro, HIV ngakhale mowa zimatha kubisala kuseri kwa nkhope yokhumudwa. Akaonenso mankhwala a BP omwe akumwawo: ena, monga methyldopa, amadziwika kuti amatha kugwetsa munthu mphwayi ndi kumukhumudwitsa. Musawasiyitse nokha, ingokaonetsani. Ngati pafunika mankhwala a maganizo, omwe amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Mukanene za asipirini ndi za BP musanafunsidwe n'komwe, chifukwa zimenezo zimasintha chisankho: amitriptyline safuna mtima wovuta, ndipo fluoxetine akaphatikizana ndi asipirini amafuna kusamala pa nkhani ya magazi ija. Mankhwalawa sagwira ngati Panado. Pamapita milungu iwiri, inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi munthu asanaone kusintha kwenikweni, ndipo ambiri amawataya pa mlungu wachiwiri n'kumati sakugwira. Akayamba kupeza bwino apitirize miyezi 6 kapena kuposerapo monga adokotala anenere, apo ayi nthendayo imabwerera.

Kukamba nakonso ndi mankhwala, ndipo umboni wake ndi wa anthu, osati wa mbewa, komanso ndi wa kuno kwathu ku Africa. Ku Harare dokotala wa maganizo Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzilimodzi, njira yotchedwa Friendship Bench. Atayesa pa anthu 573 n'kulengeza zotsatira mu 2016, patatha miyezi 6 omwe adali ndi zizindikiro za kukhumudwa adali pafupifupi 14 pa 100 mwa omwe adakhala pabenchi, pomwe mwa enawo adali 50 pa 100. Yerekezani nambala zimenezo ndi masekondi a m'kope la mtsikana uja. Kuyenda nakonso kumathandiza, ngakhale kuzizira kwa kuno kumakoka munthu kuti azingokhala m'bulangete. Apempheni akuperekezeni kumsika, kapena aperekeze mwana kusukulu m'mawa uliwonse. Kanthu kakang'ono kochita pa nthawi yake tsiku lililonse kamaposa uphungu wautali.

Pali funso limodzi lovuta lomwe ndikupemphani muwafunse usiku uno, muli awiri: "Bambo, kodi nthawi zina mumaganiza zoti bola kufa, kapena zodzipweteka?" Anthu amaopa kuti kufunsa kumamupatsa munthu ganizo. Sizili choncho, ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akuonetsa chaka ndi chaka kuti ochuluka mwa odzipha ndi abambo, ndipo ngongole ndi kusowa kwa ndalama zimatchulidwa kawirikawiri. Akayankha kuti inde, kapena mukaona akugawa katundu wawo, akulankhula ngati akutsanzika, musadikire kuti kuche bwino: musawasiye okha, itanani wachibale, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Ngakhale ayankhe kuti ayi, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, mapiritsi osungira chimanga ndi tameki wa makoswe, mukasungitse kwa ena. Akapatsidwa amitriptyline, botolo lizikhala ndi inu, muziwapatsa wa tsiku limenelo basi, chifukwa ameneyu akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima.

Ndikudziwa kuti chovuta si kudziwa kopita, koma kumudzutsa mwamuna pakhonde. Mukati "tiyeni ku St John of God" mwina akana n'kukwiya. Yambirani pa zomwe iwo eni akuvomereza kuti zikuwasautsa, monga tulo. "Kusagonaku kukweza BP, tiyeni akakuoneni" ndi mawu oona, ndipo bambo ambiri amawalandira. Ngati pali achimwene awo, mnzawo wakale wa kuntchito kapena mkulu wa mpingo amene amamumvera, muuzeni ameneyo mwachinsinsi kuti adzawaperekeze. Mapemphero asalekeke, koma ayende limodzi ndi chipatala. Inunso mwasenza katunduyu nokha kwa chaka. Mukafika kumeneko nenani momwe inuyo mukugonera, alangiziwo amaonanso osamalira odwala.

Mng'ono wanu muuzeni kuti ndalama ya botolo ija ikhale ya sakramento, njinga ya kabaza ija, yopitira kuchipatala, ndipo ngati angathe abwere adzakhale ndi ana tsikulo. Popita tengani buku lawo lachipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, ndi azitsamba omwe ngati alipo, m'mapaketi ake. Kuyambira lero lembani pakapepala nthawi yomwe agona, nthawi yomwe adzuka, ndi zomwe adya. Pamaso pa dokotala abambo ambiri amangoti "ndili bwino, ndi kutopa chabe", ndiye kapepalako mukakapereke m'manja mwa adokotala musanakhale pansi.